Pepala la Moko Si Lokulungira Mandasi

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Nthawi ya maphunziro yakwana. Madzulo ano ndicheza kwambiri ndi inu a Fomu 4, koma a Sitandade 8 ndi a Fomu 2 musasunthe, nkhaniyi ndi yanunso. Makolo anzanga, musapite kaye kukhitchini, gawo lanu likubwera.

Mayeso a moko atha, ndipo m'sukulu zambiri aphunzitsi ayamba kubweza mapepala. Zimene zimachitika tsiku limenelo tonse tikuzidziwa. Wophunzira amalandira pepala, maso amathamangira pa nambala yofiira ili pamwambayo, kenaka amatembenukira kwa mnzake: "Iwe wapeza zingati?" Wokhoza amamwetulira, wolakwa amapinda pepala kanayi n'kuliponya pansi pa chikwama. Ikatha sabata, pitani pamsika wa Chitakale kuno ku Mulanje, mukalipeza pepala lomwelo litanona mafuta, likukulunga mandasi.

Ine ndimati pamenepo wophunzira wataya chinthu cha mtengo wapatali kuposa buku lililonse la mulaibulale. Buku linalembedwera ana onse a m'Malawi muno. Pepala lochongedwalo likunena za inu nokha.

Tiyambe tamvetsetsana za nambala yofiira ija. Bungwe la MANEB, limene likulu lake lili ku Zomba ndipo lakhala likuyendetsa mayeso a boma kuyambira mu 1987, silidzafunsa kuti pa moko munapeza zingati. Malikisi amenewo salowa pa satifiketi. Wakonza mafunso a moko ndi aphunzitsi, wachonga ndi aphunzitsi, ndipo dzanja lawo likhoza kukhala lolemera kapena lopepuka kusiyana ndi la amene adzachonge mayeso enieni. Choncho amene wapeza 38 asadziweruze kuti zake zada, ndipo amene wapeza 75 asayambe kusoketsa suti ya ku yunivesite.

Inu amene mumagwira ntchito m'mafakitale a tiyi ku Lujeri ndi m'maesiteti ena mukumudziwa munthu uja amalawa tiyi. Amandandalika timakapu toyera, amapsontha ndi supuni, n'kulavula. Ntchito yake sithera pa kunena kuti tiyi uyu ndi woipa. Amanena chimene chalakwika: masamba sanafote mokwanira, kapena anakhalitsa asanaumitsidwe, kapena moto unachuluka poumitsa. Akatero anzake amakonza pomwepo, tiyi wotsatira asanapite kumsika wa ku Limbe. Moko ndi kulawa kotereku. Mawu oti "ndalakwa masamu" sakonza kanthu. Tikufuna kudziwa kuti chalakwika n'chiyani, pa funso liti, chifukwa chiyani.

Ndiye tengani pepala lanu, pensulo ndi kope limodzi lapadera. Yambani pa funso loyamba mpaka lomaliza. Paliponse pamene malikisi atayika, lembani pambali chifukwa chake, m'mawu anuanu, moona mtima, poti palibe amene akuonereni. Ntchito imeneyi itha kukudyerani madzulo athunthu pa pepala limodzi. Musadandaule, nthawiyo siyinapite pachabe.

Zifukwa zina n'zosavuta kuzizindikira. Pali mafunso amene munangowayang'ana ngati mlendo, chifukwa mutu umenewo simunauphunzire. Mwina munajomba, mwina kalasi silinafikepo. Kuno ku Mulanje sitifunika kukumbutsana za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo makope ambiri anapita ndi matope. Izi zinadza pamwamba pa kutsekedwa kwa sukulu chifukwa cha Covid-19 mu 2020. Ana amene anali m'makalasi nthawi zimenezo anatsala ndi mipata, ndipo masamu a Fomu 4 amaima pa masamu a m'munsi. Mukapeza mpata wotere, funsani silabasi kwa aphunzitsi, lembani mitu imene yatsala, mupite nayo kwa iwo kapena kwa mnzanu amene anaiphunzira. Safunsa anadya phula.

Palinso malikisi amene amatayika ndi phuma: chizindikiro chochotsera chimene chinasowa pakati pa njira, yankho lopanda mamita kapena makilogalamu, nambala ya funso yolembedwa molakwika. Awerengeni malikisi amenewa, muwaphatikize. Ambiri mudzadabwa kuti ndi okwanira kukukwezani giredi yathunthu popanda kuphunzira chatsopano chilichonse.

Koma ndikufuna ndikhalitse pa chifukwa china chimene chimapweteka ana athu ambiri, makamaka a m'sukulu zoyendera za CDSS. Mwana nkhani akuidziwa, koma sanayankhe zimene funso likufuna.

Tiyerekeze funso la Geography likuti wophunzira afotokoze chifukwa chimene mbali ya kumwera chakum'mawa kwa phiri la Mulanje imalandira mvula yambiri, ndipo malikisi ake ndi 4. Mwana wa ku Muloza mvula imeneyi imamunyowetsa chaka chilichonse. Amalemba kuti: chifukwa kuli phiri. Wanama? Ayi. Koma wochonga amupatsa pang'ono, mwina osamupatsa n'komwe. Funso likati explain likufuna unyolo wonse: mphepo yachinyezi imachokera ku nyanja ya mchere ya Indian, imadutsa ku Mozambique, ikagunda phiri imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, nthunzi imasanduka mitambo, mvula n'kugwa mbali yomweyo, pamene mbali ya ku Phalombe imalandira yochepa. Mfundo iliyonse mu unyolo umenewu ili ndi malikisi ake. Funso likati state kapena mention, tchulani basi, musalembe ndime yonse. Likati describe, nenani mmene chinthucho chilili kapena mmene chimachitikira, mwatsatanetsatane. Likati compare, zinthu ziwirizo zionekere limodzi, osati kulemba za chimodzi n'kuiwala chinzake.

Mwaona kuti mwana wa ku Muloza uja vuto lake si Geography. Akati abwerere kukawerenga notsi za Geography usiku wonse, adzalakwanso chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kutenga mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, kudula mzere pansi pa liwu lolamula m'funso lililonse, kuyang'ana malikisi ali pambali, ndi kudzifunsa asanalembe: kodi apa akufuna mfundo zingati? Ku Chichewa n'chimodzimodzi. Ambiri amachiderera poti n'chiyankhulo cha kunyumba, koma chifupikitso chili ndi malire a mawu, chimangirizo chili ndi kalembedwe kake, ndipo malamulo a chiyankhulo sumawadziwa chifukwa choti unabadwira ku Mathambi.

Onaninso kumapeto kwa pepala. Ngati mafunso omaliza ali mbee, osalembedwa kanthu, pamene oyambirira munadzaza masamba, vuto ndi wotchi. Pepala la maola awiri la malikisi 100 likutanthauza kuti funso la malikisi 5 lisakudyereni mphindi zopitirira 6. Zimenezi sizibwera ndi kuwerenga. Zimabwera ndi kukhala pansi Loweruka m'mawa, wotchi patsogolo, n'kulemba pepala lonse osadzuka.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amachiphonya ndi mafunso osankha A, B, C, D aja. Pamene munangolotera n'kukhoza, aphunzitsi anachonga kuti mwakhoza, koma inu mukudziwa chilungamo chake. Funso limenelo liikeni m'gulu la olakwa. Mwayi sukhala ndi pangano loti udzabweranso mu Julaye.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za mmene wophunzira angagwiritsire ntchito pepala la moko lochongedwa.

Tsopano tifike pa dandaulo limene aphunzitsi amalimva chaka ndi chaka: "Asala, ndinawerenga ndithu, koma m'chipinda cha mayeso zonse zinabalalika." Mwanayo sakunama. Anawerengadi, mwina mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asagone. Funso ndi loti anawerenga motani.

Kawerengedwe kathu kambiri ndi kotsegula kope, kuyendetsa maso pa notsi, kufika kumapeto, kubwereranso poyamba. Ukabwereza kachitatu, mawu onse amaoneka odziwika, mtima n'kumati ndazigwira. Koma kuzindikira chinthu chili pamaso pako n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu pamene kope latsekedwa, ndipo mayeso amafuna chachiwirichi.

Akatswiri anaiyesa nkhani imeneyi. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Gulu lina linaiwerenga maulendo anayi. Gulu lina linaiwerenga ulendo umodzi wokha, kenaka maulendo atatu otsalawo linkalemba zonse zimene likukumbuka, nkhaniyo litaibisa. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, owerenga kanayi aja ndi amene anapambana. Koma atawayesa patatha sabata, zinthu zinatembenuka: owerenga kanayi anakumbuka 40 peresenti, pamene odziyesa aja anakumbuka 61 peresenti. Ndipo tamverani izi: owerenga kanayi aja ndi amene anali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti adzakumbuka bwino. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zimene ophunzira amagwiritsa ntchito. Ziwiri zokha ndi zimene anazipeza zothandiza kwambiri: kudziyesa ndi mafunso, ndi kugawa kuwerenga pa masiku osiyanasiyana. Kubwerezabwereza notsi ndi kudula mizere pansi pa mawu anaziika m'gulu la zothandiza pang'ono.

Nanga pa pepala lanu la moko zikutanthauzanji? Kukopera mayankho olondola kuchokera pabolodi, aja timati makorekishoni, si mathero a ntchito. Dzanja limatha kukopera mutu uli ku mpira. Mukamvetsa yankho lolondola, tsekani kope, tengani pepala loyera, muyankhenso funso lomwelo nokha. Mukakakamira, pamenepo ndiye pali bala. Tsegulani, onani, tsekaninso. Zimatopetsa, ndipo mudzamva ngati simukuphunzira kanthu poyerekeza ndi kuwerenga kosalala kuja. Kutopa kumeneko ndiye kuphunzirako.

Ndipo musalekere tsiku limodzi. Kalekale mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti chinthu chimene tangophunzira chimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro. Choncho funso limene mwalikonza Lolemba, liyeseninso Lachinayi, kenaka sabata yamawa, kenaka pakatha masabata awiri. Njira yake yosalira ndalama ilipo, ndipo anaitchukitsa ndi Sebastian Leitner, wa ku Germany komweko, mu 1972. Dulani timapepala. Kutsogolo lembani funso, kumbuyo yankho. Pezani maenivelopu atatu, kaya timabokosi ta machesi. Timapepala tonse tiyambire m'bokosi loyamba, limene mumalitsegula tsiku lililonse. Kamene mwakhoza kasamukire m'lachiwiri, lotsegula kawiri pa sabata. Mukakhozanso kapite m'lachitatu, la kamodzi pa sabata. Mukalakwa, kabwerere koyambirira, popanda kukambirana. Timapepala timeneti timalowa m'thumba. Mtsikana amene akudikira makasitomala a nanazi m'mbali mwa msewu, kapena mnyamata amene waima ndi njinga ya kabaza pa Limbuli, akhoza kudziyesa mafunso khumi osatsegula buku.

Ndikudziwa kuti si mwana aliyense ali ndi maola atatu a phee ndi getsi la magetsi. Ambiri akaweruka kuli kumunda, kuli kotunga madzi, kuli kuphika, ndipo miyezi ya Juni ndi Julaye kunja kumada msanga, chiperoni chili pakhomo. Nkhani yabwino ndi yoti theka la ola lodzifunsa mafunso tsiku lililonse limapindula kuposa kuchezera usiku umodzi wa Loweruka.

Muyambire pati? Ine ndimalangiza kuyambira pa mafunso amene anakudabwitsani, aja munatuluka m'chipinda mukudziguguda pachifuwa kuti apa ndamenya, koma pepala labwera ndi mtanda. Brady Butterfield ndi Janet Metcalfe a ku Columbia University ku New York anapeza mu 2001 kuti zolakwa zimene munthu anali nazo chikhulupiriro chachikulu ndi zimene zimakonzeka mosavuta akauzidwa yankho lolondola. Kudabwa kuja kumatsegula makutu. Komanso zolakwa zoterezi n'zoopsa mukazisiya, chifukwa simungaziwerengenso nokha poti mumayesa mukuzidziwa.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa nthawi yatsalayi ndi yochepa ndipo siyingagawidwe mofanana ku maphunziro onse. Pa MSCE magiredi amayambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndiye kulephera. Popanda kukhoza Chingerezi palibe satifiketi, ngakhale maphunziro enawo mutawaswa bwanji. Ndipo kuti muganiziridwe ku mayunivesite a boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Tiyerekeze mwana amene pa moko wapeza 2 ku Agriculture, 3 ku Chichewa, koma 7 ku Chingerezi ndi 7 ku Biology. Mtima wake umamukokera ku Agriculture, poti n'kumene amamva kukoma, aphunzitsi amamuyamikira, anzake amamutcha katswiri. Akalimbikira atha kuchoka pa 2 kufika pa 1, wapindula pointi imodzi. Koma kuchotsa Chingerezi pa 7 kufika pa 6 ndi pointi imodzinso, imene ikutsegula chitseko chimene chinali chokhoma. Maola abwino a tsiku, mutu usanatope, apite kumeneko. Phunziro lokondedwalo lilandire zotsala.

Mukalowa m'kati mwa phunzirolo, teroninso. Chingerezi si chinthu chimodzi. Onani ngati malikisi anathera pa galamala, pa chimangirizo, pa kumvetsa nkhani, kapena pa mabuku a literature. Masamu n'chimodzimodzi: mwina algebra ili bwino koma ma graph ndi amene anakugwetsani. Ndandanda yanu yowerengera isalembedwe kuti "Lachiwiri: Masamu." Ilembedwe mutu weniweniwo ndi mafunso amene mukayankhe.

Za magulu owerengera limodzi ndinene mwachidule. Gulu limene mmodzi amalankhula ena n'kumagwedeza mitu limathandiza wolankhulayo yekha. Bwerani ndi mapepala anu a moko, musinthane, aliyense afunse mnzake mafunso amene mnzakeyo analakwa, makope ali chitsekere. Anthu anayi akwana. Akapitirira pamenepo nkhani imathera kwa Bullets ndi Wanderers.

Pali ena akumva zonsezi n'kumaseka chamumtima kuti ife tikudikira likasa. Kumbukirani 2020. Mapepala a MSCE atabedwa n'kuyamba kuyenda pa WhatsApp, boma linathetsa mayeso onse mu Novembala, ali m'kati, ndipo ophunzira m'dziko lonse analembanso mu Januwale 2021. Amene anagula mapepala ndalama zawo zinapita, ena anamangidwa, ndipo pa mayeso achiwiriwo aliyense analowa ndi zimene zinali m'mutu mwake.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa katundu amene mwasenza. Kalasi limodzi ana osawerengeka, mapepala mulu, kuchonga ndi tochi. Komabe ndipemphe zinthu ziwiri. Choyamba, mapepala abwerere m'manja mwa ana msanga. Pepala lobwera patatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe, kapena lotsekeredwa mu ofesi ya ahedi n'kungopachika malikisi pakhoma, lataya ntchito yake, ndipo ndalama zimene makolo anasonkha kuti moko ilembedwe zangopita. Chachiwiri, pochonga, lembani penapake kuti funso lililonse alakwa ana angati. Mukapeza kuti funso lina lagwetsa pafupifupi kalasi lonse, pamenepo vuto si la ana okha ayi. Mutuwo ukufunika kuphunzitsidwanso, mwina mwa njira ina. Malipoti a akuluakulu ochonga mayeso amene MANEB imatulutsa amanena zolakwa zimene ana ambiri amachita chaka chimenecho. Afananizeni ndi zimene mwapeza m'kalasi lanu. Ndipo poti ofesi ya maphunziro ya chigawo cha Shire Highlands, yoyang'anira Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, ili konkuno, sukulu zoyandikana zikhoza kubwerekana mphunzitsi amene mutu wina amautha bwino.

Makolo, nali gawo lanu lija. Mwana akabwera ndi zotsatira, funso lathu loyamba limakhala loti, "Wakhala nambala chani?" Nambala imangokuuzani za ana a eni ake. Mufunseni kuti, "Pepala lili kuti? Tandionetsa pamene unalakwa. Ukonza bwanji?" Simukusowa kudziwa Chemistry kuti mufunse zimenezi. Agogo amene sanapite patali ndi sukulu akhoza kumvetsera mdzukulu akufotokoza m'Chichewa kapena m'Chilomwe mmene mbewu imapangira chakudya chake, ndipo pamene mwanayo ayambe kuchita chibwibwi, onse awiri adziwa kuti pamenepo sipanapse. Amene mumatha kuwerenga, gwirani timapepala tija muzimufunsa. Ndipo mwana wamkazi mumupepukitsireko ntchito zapakhomo miyezi imeneyi. Mchimwene wake manja ali nawo, mbale akhoza kutsuka.

Kukalipa kwambiri kuli ndi zotsatira zake zimene mwina simuziona: mwana amabisa pepala, kapena kuling'amba asanafike pakhomo, ndipo zonse takambiranazi sizingachitikenso.

A Sitandade 8, inunso chitani chimodzimodzi ndi mapepala anu, chifukwa malikisi ochepa omwewo ndi amene amasiyanitsa wosankhidwira ku Mulanje Secondary kapena ku Providence ndi wotsala. A Fomu 2, mayeso a JCE anaima pambuyo pa 2016 koma anabwereranso mu 2021, ndiye chizolowezi chosunga ndi kufufuza pepala chiyambike panopa.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzatenga mayeso a pulakitiko a Biology ndi Agriculture, makamaka kwa inu amene sukulu zanu zilibe labu. Mudzabwere ndi pepala lanu la moko, pensulo ndi rula, chifukwa tidzajambula limodzi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera.)